Sikelo Yokondera Bambo

Mapasa atayamba kuyenda, bambo awo anabwera ndi sikelo kunyumba. Inali yachitsulo, yopaka utoto woyera, yokhala ndi kamuvi kofiira kamene kankanjenjemera kaye kasanaime pa nambala. Anaitulutsa m'katoni n'kuiika m'bafa, pakati pa beseni lochapira ndi chitseko, kenako anaitana mkazi wake.

"Takwera apa tione."

Make mapasa anali ndi mwana m'manja, winayo akumukoka siketi. Anayesa nthabwala. Anapatsira mwamunayo mwana n'kukwera. Kamuvi kanathamanga, kanabwerera pang'ono, n'kuima pa 96.

"Ine ndinakwatira munthu mmodzi," anatero mwamunayo, "koma apa ndikuona awiri."

Iyeyu anali dalaivala wa mabasi oyenda mitunda italiitali, munthu wanthabwala, woti pa depoti pakakhala zii anthu ankadziwa kuti ali pa ulendo. Mimba yake inkakhudza chiwongolero. Batani la pamchombo la yunifolomu yake linali litasokedwa kambirimbiri, ndipo wolisoka anali mkazi yemweyo. Koma pa sikelo pamaso pa munthu sankakwerapo. Ankati mimba ya mwamuna ndi ulemu wa pakhomo.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse limene wagona kunyumba, m'mawa ankaima pachitseko cha bafa, mswachi uli kukamwa, kudikira kuti mkaziyo akwere. Nambala ankaiwerenga mokweza ngati akuitanira anthu basi. Ikatsika pang'ono ankati sikelo yatopa. Ikakwera ankaimba mluzu.

Make mapasa ankagwira ntchito kochapira zovala pa hotela ina yaikulu. Tsiku lonse ankaima pa makina ositira nsalu zapabedi, m'chipinda chapansi chopanda mawindo, nthunzi ili kumaso. Pofika kunyumba mapazi amakhala atatupa, ana akulira, mbale zikumudikira. Ankadya chilichonse chimene chili pafupi, ali chiimire, nthawi zambiri zotsala za ana. Thupi lakelo ankalidziwa kuposa sikelo iliyonse, ndipo sankasowa womuuza. Komabe ankangokwera, poti za m'bafa zinkathera m'bafa.

Chimene chinamukanika kumeza chinachitika Loweruka lina masana. Mwamunayo anaitana anzake akuntchito kudzaonera mpira pa kanema. Anadzaza pabalaza: madalaivala anzake, kondakitala wa basi yake, ndi makaniko wa pa depoti. Osewera atapita kopuma, Make mapasa analowa ndi thireyi ya nyama yokazinga.

"Alamu, banja likukuyanjani," anatero kondakitala. "Mukuoneka bwino."

"Likumuyanja mopitirira," anayankha mwini nyumba. "Dikirani muone."

Anadzuka, anapita kubafa, anabwera ndi sikelo ija n'kuiika pansi patsogolo pa kanema.

"Amayi, takwerani alendo aone mmene ndikukusamalirirani."

"Bambo a mapasa, musatero."

"N'zocheza izi. Ukuopa chiyani?"

Anamugwira pamkono. Kumaso ankaseka, koma zala zinali zitafinya. Make mapasa anayang'ana alendo aja mmodzimmodzi, ndipo aliyense anapeza choyang'ana pa foni yake. Akanati adzikoke, thireyi ikanagwa. Anakwera.

"Naini eyiti," anawerenga mwamunayo. "Nyamayo tichotsepo kilo imodzi, tisamunamizire."

"Basi imeneyi yadzaza mopyola, adalaivala," anatero wina. "Apolisi akugwirani."

Chikhakhali chinabuka. Makaniko yekha ndiye sanaseke. Anadzuka n'kunena kuti akukapitidwa mphepo panja. Make mapasa anatsika, anaika thireyi patebulo, anafunsa ngati mchere wakwana, n'kubwerera kukhitchini. Sanalire. Anatenga poto wotsukatsuka n'kuyamba kumukwecha mpaka zala kuwawa. Mumtima analumbira kuti kuseka kumeneko adzakubwezera kwa mwini wake, ndipo sadzachita nako changu.

Lolemba kuntchito anapeza nkhaniyo yafika kale. Mnzake wa pa makina ositira, amene onse ankamutchula kuti Wayilesi chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka, anali mkazi wa makaniko uja.

"Bambo akunyumba andiuza zonse. Akuti anachita manyazi ngati amene anakwera pa sikelo ndi iwo."

"Zisiye, mnzanga."

"Ndizisiye bwanji? Munthu wake uti, yemwe adokotala akampani amuchenjeza kale?"

Make mapasa anasiya nsalu ili pakamwa pa makina.

"Amuchenjeza za chiyani?"

"Sanakuuze? Atawayeza madalaivala ulendo watha, anamupeza magazi akuthamanga kwambiri, thupinso lapyola. Anamuuza kuti podzayezanso kumapeto a chaka akhale atatsitsa makilo khumi, apo ayi amutsitsa pa basi. Depoti yonse ikudziwa."

Nsalu ija inapsa m'mphepete, ndipo anaikoka mochedwa. Tsopano anamvetsa chifukwa chake masiku ena mwamuna wake ankakiya chitseko cha bafa n'kutsegula mpopi, koma pansi pa phokoso la madzi pankamveka chitsulo chikulira kuti kwee. Sikelo ija anadzigulira yekha. Mkazi anali chophimbira chabe, kuti m'nyumba mukapezeka sikelo, manyazi akhale a wina.

Madzulo ake, ana akudya, anadzitsekera m'bafa n'kuitembenuza sikeloyo. Kutsogolo kwake, chapansi, kunali kagudumu kakang'ono ka mano. Atakapotoza ndi chala, kamuvi kanasuntha. Kanali kokonzera kuti kamuvi kaziyambira pa ziro. Anakapotozera m'mbuyo pang'ono, mwina kilo imodzi, n'kubwezera sikeloyo pamalo pake. Mwamuna wake ankakwera mothamanga ngati wakuba, ndipo kuti aone nambala ankachita kusuzumira kuseri kwa mimba. Za pamene kamuvi kagona munthu asanakwere analibe nazo nthawi.

Sabata iliyonse kagudumu kankabwerera pang'ono. Nambala ya Make mapasa nayo inayamba kutsika, poti sikelo yonama imanamiza aliyense, ndipo mwamunayo anadzitama kuti mankhwala ake agwira ntchito.

"Ukuona? Mkazi amafunika kumuchititsa manyazi pang'ono. Udzandithokoza."

"Ndikukuthokozani kale, bambo."

Koma iye ankafuna kudziwa choona chake. Tsiku lina poweruka analowa m'sitolo yogulitsa ziwiya zam'nyumba. Masikelo anali pashelefu yapansi, pafupi ndi mabaketi. Mayi wogulitsa anamuonetsa yakamuvi ngati yakunyumba ija, ina yagalasi yoyendera batire yolemba manambala owala, ndi ina yoti imalumikizana ndi foni n'kukuuza za mafuta ndi madzi am'thupi.

"Ya foniyo ayi. Zanga zisamayende mumlengalenga. Yagalasiyi ili ndi kagudumu pansi?"

"Ilibe. Imadzibwezera yokha pa ziro."

"Munthu sangaipotoze?"

Wogulitsayo anamuyang'ana n'kumwetulira. "Sangathe. Koma muziika pansi polimba, pa simenti kapena pa matayilosi, osati pa kapeti. Ndipo musamakwerepo tsiku ndi tsiku, mungadwale mtima. Thupi limasinthasintha, lero madzi, mawa mchere. Kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, zovala zofanana."

Make mapasa anavula nsapato, anakwera, anatsika, anakweranso. Nambala inabwera imodzimodzi. Inali yoposa imene yakunyumba inkanena, koma sanakhumudwe. Anaigula, ndipo kunyumba sinafike. Anakaisunga m'kabati yake yosinthira zovala kuntchito.

Lolemba lililonse m'mawa, iye ndi Wayilesi ankaitulutsa n'kuiika pa matayilosi a m'chipinda chosinthira. Lamulo linali limodzi: wina akakwera, mnzake aziyang'ana kudenga. Make mapasa anayamba kudya atakhala pansi, chakudya chake m'mbale yake, zotsala za ana n'kumazisiya. M'mawa asanakonzekere zakuntchito ankayenda wapansi, kutsika msewu wa kumsika, kuzungulira bwalo la sukulu, n'kukwera chitunda cha kuthanki yamadzi. Thupi linkatsika mwaulesi, sabata zina osasuntha n'komwe, koma mapazi anasiya kutupa ndipo masitepe a ku hotela anasiya kumudula mpweya.

Kwa mwamuna wake anasanduka mkazi wachikondi chosaneneka. M'mawa mazira osambira m'mafuta, masoseji, buledi wopaka majarini mbali zonse, tiyi wamkaka wa shuga woti supuni n'kuima. M'kontena ya paulendo nkhuku yokazinga ndi tchipisi. Poyamba mwamunayo ankakankha mbale.

"Mafutawa uzichepetsako."

"Inu munthu woyenda mitunda yonseyi mudye ngati mbalame? Komanso mwayamba kuonda. Anthu aziti sindikukuphikirani."

"Ndaonda?"

"Khosi latuluka ili."

Ankapita kubafa, mpopi n'kutseguka, chitsulo n'kulira, ndipo ankabwerako nkhope ili ngwee n'kumaliza mbale yonse.

Zovala zikanamuulula, choncho Make mapasa anazisamaliranso. Mwamunayo akakhala pa ulendo, ankamasula msoko wakumbuyo wa thalauza n'kuusokanso motakasuka. Mabatani a malaya anawasunthira kumphepete. Lamba wakale anati wayamba kusupuka, n'kumugulira wina wamtali. Mwamunayo ankalowetsa chala m'chiuno mwa thalauza n'kumamuonetsa mpata.

"Taona. Ena amachita kuthamanga m'misewu ngati awathamangitsa agalu. Ine thupi langa ndi injini, limawotcha lokha mafuta."

Mawu omwewo ankawanenanso pa depoti. Makaniko ankabwera nawo kunyumba kwake, Wayilesi n'kuwafikitsa pa makina ositira.

"Akuti wauza aliyense kuti watsitsa makilo khumi ndi awiri akudya nkhuku. Anzake akumuyang'ana mimba n'kumangogwedeza mutu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Wayilesi anatsitsa mawu. "Koma iwe, ukapanda kusamala umupha munthuyu."

"Sindimuika kanthu m'kamwa. Manja ndi ake."

Anayankha molimba, koma mawuwo anamutsatira kunyumba. M'mawa wina anamuona mwamunayo atakhala pabedi akumanga zingwe za nsapato. Anawerama kamodzi n'kudzuka akupuma ngati wanyamula thumba la simenti, mitsempha ya m'khosi itatupa, thukuta pamphumi. Make mapasa anabwerera kukhitchini, anabwezera mafuta a m'chiwaya m'botolo, n'kuwiritsa mazira. Madzulo anaphika masamba ndi nsomba yowotcha. Anaganiza kuti mwina pafika pokwanira, mawa abwezere kagudumu pamalo pake.

Ali patebulo, mmodzi wa mapasa anabwera ndi buku la zithunzi za nyama n'kuloza mvuu, kufunsa dzina lake. Bambo ake anamunyamula n'kumukhazika pamwendo.

"Awa ndi amayi ako asanayambe kukwera sikelo yanga. Tanena, amayi."

"Amayi," anatero mwanayo, chala chili pa mvuu, ndipo mnzake anabwereza akuseka.

M'mawa mwake mafuta anabwerera m'chiwaya, ndipo kagudumu anakapotoza mpaka kanafika pothera.

Tsiku loyeza linafika. Madalaivala anandandalika m'khonde la kachipatala ka pa depoti, nsapato zili m'manja. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha, ndipo nesi ankawerenga nambala mokweza kuti dokotala, amene anakhala patebulo kumapeto kwa chipinda, amve. Bambo a mapasa anadumpha mzere n'kupita kutsogolo.

"Ndiyambe ine, ena aphunzirepo. Adokotala, lembanitu 104, tisatayitsane nthawi."

Anakwera akuyang'ana anzake, manja ali m'chiuno.

"121," anatero nesi.

"Sikelo yanuyi yafa."

"Tatsikani mukwerenso."

Anatsika, anakhuthula m'matumba makiyi ndi foni, anavula lamba, anakweranso. Nambala sinasinthe. Nesi anaitana dalaivala wina wochepa thupi, ndipo yake inatuluka monga ankaidziwira. M'khonde munayamba kuseka kwapansipansi, kenako kunaphulika.

"Injini ija yakhala ikusunga mafuta m'thanki," anatero kondakitala wake, misozi ili m'maso.

"Ameneyu akamuyeze pa sikelo ya malole."

Dokotala sanaseke. Anamanga bambo a mapasa lamba woyezera magazi pamkono, anayang'ana, anayezanso mkono winawo. Anamuuza kuti thupi lakwera kuposa ulendo watha, magazi nawonso, ndipo sangalole munthu wotero kunyamula anthu. Anamulembera mankhwala. Masana omwewo kapitawo anamulanda makiyi a basi n'kumupatsa chijekete chonyezimira, kuti aziima pabwalo la depoti kulozera mabasi poima mpaka thupi litatsika.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Sanapereke moni. Anapita kubafa, ndipo ulendo uno mpopi sunatseguke. Anagwada pansi n'kuiyang'ana sikeloyo pafupi, popanda munthu pamwamba pake. Kamuvi kanali katagona kutali kumbuyo kwa ziro. Anainyamula n'kupita nayo kukhitchini, kumene mkazi wake ankadula anyezi.

"Ana akhala akuseweretsa chinthuchi?"

Khomo lothawira linali lotsegula. Mapasa ankagwiradi chilichonse m'nyumbamo. Make mapasa anapukuta mpeni pansalu n'kuuika pambali.

"Ana ayi. Ndine."

"Iwe?"

"Ine. Ndi thalauza lomwe, ndi mabatani, ndi lamba."

Mwamunayo anayang'ana m'chiuno mwake ngati thalauzalo ndi la munthu wina.

"Wandichotsetsa pa msewu. Depoti yonse yandiseka lero, ndi ana aang'ono omwe ndinawaphunzitsa ndine kugwira chiwongolero."

"Anaseka nthawi yaitali?"

"Ukuti chiyani?"

"Ndikufunsa ngati anaseka nthawi yaitali. Pabalaza paja anaseka mpaka mpira kuyambanso. Ndinkamva ndili muno."

"Zija zinali zocheza."

"Izinso n'zocheza, bambo a mapasa. Mukuopa chiyani?"

Mwamunayo anakweza sikelo ija m'mwamba. Mkaziyo sanasunthe, anangomuyang'ana m'maso. Kenako mkono wa mwamunayo unatsika.

"Ukudziwa kuti ndikanatha kugwa pa chiwongolero, basi ili yodzaza? Amayi ndi ana ali m'mbuyo mwanga?"

Miyezi yonseyi Make mapasa ankaona nkhope imodzi yokha, ya mwamuna wake. Za anthu okhala m'mipando ya kumbuyo anali asanaziganizepo mpaka pamenepa. Koma sanalole kuti zionekere.

"Adokotala anauza inu, osati ine. Inu munatenga mawu awo n'kudzayeza ine. Mukanandiuza tsiku lomwelo kuti mkazi wanga, zinthu zavuta, bwenzi pano tikuyenda limodzi, tikudya mbale imodzi. Munasankha kuti wonenepa m'nyumba muno akhale ine."

Mwamunayo anatuluka nayo sikelo ija n'kukaiponya m'bini ya panja. Kagalasi kophimba kamuvi kanasweka, ndipo agalu a kwa aneba anauwa.

Masabata otsatira m'nyumbamo munali ngati mwagona maliro. Mwamunayo anasamukira pa sofa. Malipiro a pabwalo anali ochepa poyerekeza ndi a pa msewu, ndipo nyama inayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Make mapasa anadziwa kuti chilango chija chaluma ndi iye yemwe, koma sanadandaule pamaso pa munthu. Anasiya kukazinga. Ankaphika chakudya chimodzi cha onse, chamafuta ochepa, n'kuika mbale ya mwamunayo patebulo. Mwamunayo mankhwala ake ankamwa yekha. Nthabwala zinauma, moti mapasa ankamukwera pamsana kumufunsa ngati akudwala.

Wayilesi anafunsa ngati mtima watsika tsopano.

"Sunatsike wonse."

"Wapepesa?"

"Sanapepese. Inenso sindinapepese."

Tsiku lina poweruka, basi imene anakwera inadutsa pa depoti. Anaona mwamuna wake ali pakati pa bwalo, dzuwa likumuwotcha, chijekete chosatsekeka pamimba, akukupiza manja kulozera basi imene kale inali yake. Woyendetsa anali mnyamata wa ndevu zosamera bwino, ndipo anamuimbira hutala kuti achoke panjira. Make mapasa anayang'ana mpaka basi yawo inakhota. Anadzifufuza mumtima ngati muli chisoni, n'kupezamo chochepa, chosakwana kuphikira tiyi.

M'mawa wina akumanga nsapato zake zoyendera pakhonde, anamva chitseko chikutseguka kumbuyo. Mwamunayo anatuluka atavala kabudula wakale ndi nsapato za mpira zimene zinakhala zaka pansi pa bedi. Anaima akukanda m'mutu.

"Umadzera njira iti?"

"Ya kumsika, kenako chitunda cha kuthanki."

"Ndingatsagane nawe?"

"Msewu ndi wa aliyense."

Ananyamuka. Mpaka kumsika ankayenda pafupifupi limodzi, mwamunayo ali kumbuyo pang'ono. Ogulitsa anali akuyala katundu wawo, ndipo mayi wina wa tomato anawapatsa moni onse awiri. Pozungulira bwalo la sukulu, mpata unayamba kukula. Atafika patsinde pa chitunda, Make mapasa ankamva kupuma kwake kumbuyo, kolemera, kwa mluzu, nsapato zikukhwekhwereza miyala.

"Amayi a mapasa," anaitana mwamunayo. Aka kanali koyamba kumutchula mwaulemu choncho popanda alendo. "Tachepetsaniko liwiro."

Make mapasa anatembenuka. Anamuona atawerama, manja ali pamawondo, malaya atanyowa mpaka m'chiuno. Anamuyang'ana kanthawi, kuonetsetsa kuti sagwa. Ataona kuti wadzuka ndipo waponya phazi, anatembenukanso n'kuyamba kukwera chitundacho pa liwiro lake la masiku onse.